A ku Chigwa cha Shire ndithandizeni: ndikufuna kukajambula nyama ndi kukwera miyala

Membala wobisa dzina:
Moni nonse. A Admin chonde dzina langa lisaoneke, muli abale a amuna anga m'gulu muno. Ndine mayi wa ku Chilomoni, ntchito ndimagwira ku Limbe. Ndakhala ndikudzimana kuti ndigule kamera, ndipo ndinagula Canon yakale ndithu koma imajambula bwino. Vuto, mnyamata wa m'sitolomo anandipatsa batire lakufa, kungojambula pang'ono lathima. Ndikabwererako amangoti bwana atuluka. Tripod yanga (choimikapo kamera cha miyendo itatu) anabwereka alamu anga kuti akajambulire chinkhoswe, mpaka lero zii, ndikafunsa akuti ndilibe ulemu. Mnzanga amene tinapangana kuti tipitira limodzi wandiimbira dzulo usiku kuti amuna ake akana, chonsecho ndalama ya mafuta ndinamupatsa kale. Tulo sindikuona abale anga.

Ndiye nkhani ndi iyi. Ndikufuna nditsike ku Chigwa, ndikaone nyama ku Majete ndi ku Lengwe, ndikajambule mbalame ku Elephant Marsh, komanso ndamva kuti ku Mwabvi kuli miyala yokongola kwambiri. Kukwera miyala ndinaphunzira ku Mulanje, chingwe, harness (lamba wa m'chiuno womangirapo chingwe) ndi nsapato zake ndili nazo. Kodi zonsezi zingatheke pa ulendo umodzi? Ndiyambire kuti? Tchuthichi abwana achita kundipatsa monyinyirika, sindikufuna chipite pachabe. Chonde musanditukwane, mtima wanga suli m'malo.

Wankhalango Wopuma:
Mayi, mukupita mwezi uti?

Malume a pa Bangula:
Inu a m'tauni mumatidabwitsa zedi. Mvuu imene mukuisowera tuloyo ndi yomweyo imatimalizira chimanga ndi mbatata kudimba usiku umodzi wokha. Ife timagona m'tizisakasa kuimba zitini, udzudzu ukutidya, inu mukubwera ndi kamera kudzati "iii yokongola". Mwana wa mlongo wanga ng'ona inamugwira mwendo akutsuka mbale padooko, anapulumuka chifukwa amayi anzake anaimenya ndi mitengo, mpaka pano amatsimphina. Amene uja anamujambula ndani? Mukafuna zithunzi bwerani mudzajambule zimenezo.

Mayi a Mapasa:
Achemwali, ine za nyama sindidziwa, koma za alamu anuwo. Musamafunse nokha. Uzani amuna anu akatenge okha tripod kwa m'bale wawo. Mukalimbana nawo inu, mawa pamaliro nkhani idzakhala yanu.

Wojambula Maukwati Nchalo:
Canon yake iti, ndipo lenzi yake ndi yotani? Ngati ndi ka 18-55 kamene kamabwera ndi kamera, mudzabwerako ndi zithunzi za tchire lokhalokha, nyama ili kadontho pakati. Pa nyama mufunika yofika 300mm, osachepera. Ndipo kuno fumbi ndi loopsa. Musasinthe lenzi panja, sinthirani m'galimoto mawindo atatseka, kamera itayang'ana pansi. Musaisiye padzuwa pafupi ndi galasi lakutsogolo, ine yanga ina inafera pomwepo ndikudya nsima pa Ngabu. Jambulani m'mamawa kapena chakumadzulo, masana dzuwa la kuno limapha mitundu yonse. Batire gulani awiri ena, za mnyamata wa sitoloyo iwalani. Ndili ndi lenzi ya 70-300 ndikugulitsa, ndipezeni ku inbox.

Nikon Yekha:
Vuto layambira pogula Canon kkkkk

Wojambula Maukwati Nchalo:
Iwe usayambe. Unajambulapo chani iwe choposa ma passport?

Nikon Yekha:
Bwana, ndikunena zoona, pa mdima wa m'nkhalango ya Lengwe Nikon imagwira bwino. Mukaone pa kanyumba kobisalira kaja ka padziwe, mmene boo (nyala) amatulukira m'zitsamba kukadali chisisira.

Wankhalango Wopuma:
Ndafunsa mwezi sindinayankhidwe. Podikira, mvetsani izi. Majete akuyendetsa ndi a African Parks kuyambira 2003. Nthawi imeneyo nyama zinali zitatsala pang'ono kutheratu ndi opha mozemba. Anabwezeretsa zipembere chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, kenaka akadyamsonga mu 2018. Ndikutchula mikango dala: mmenemo simutsika m'galimoto mwachisawawa kuti mukakwere mwala. Kuyenda pansi kulipo, koma mumatsogozedwa ndi mlonda wa mfuti. Lengwe ndi Mwabvi zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, chilolezo cha chilichonse chachilendo mukapemphe kumeneko. Tengani chiphaso chaunzika, Amalawi timalipira mtengo wotsika pageti.

Malume a pa Bangula:
Mtengo wotsika wa chani akulu? Munthu wa ku Chapananga amene wabadwira m'mphepete mwa waya muja ali ndi galimoto yolowera? Makolo athu ankasaka mmenemo asanabwere aliyense. Lero mwana amakula osaona njovu ili kuseri kwa mudzi wake.

Wankhalango Wopuma:
Malume, wayayo ndi amene wachititsa kuti njovu zisamalowe m'minda ya anthu. Ndipo ana asukulu a m'midzi yozungulira amatengedwa kukaona nyama. Tisamanene mbali imodzi.

Malume a pa Bangula:
Nanga mvuu za mu Shire muno anazitchingira ndani? Yankhani zimenezo. Kapena ife a kumunsi kuno si anthu?

Mbalame Zanga:
Achemwali, musalole kuti akusokonezeni, chinthu chenicheni cha ku Chigwa ndi dambo lija. Njovu mungaziwone ku Liwonde, koma Elephant Marsh kulibe kwina. Mu 2017 linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse. Livingstone podutsa mu 1859 analemba kuti anaona njovu ngati 800 pamenepo, lero palibe ndi imodzi yomwe, latsala dzina. Koma mbalame! Mukwere bwato pa Mchacha James kusanache. Bwato likamalowa m'tinjira ta m'mabango kumangomveka madzi okha, kenaka mumatulukira pabwalo lamaluwa a m'madzi, timbalame ta zala zazitali tikuyenda pamwamba pa masamba osamira. Nkhwazi ili pamtengo, akakowa mbuu, kumbuyo migwalangwa. Kamera muiike m'jumbo ziwiri, muzitulutsa pojambula pokha, ndipo m'bwato simuimirira. Opalasa ndi asodzi a konko, amadziwa pamene pali mvuu, akati tibwerere musatsutse. Mtengo mugwirizane musanakwere.

Malume a pa Bangula:
Livingstone, Livingstone. Njovuzo anayamba kuziona ndi iyeyo? Amang'anja anali kuti? Ndiye mukumuuza mayi wa eni akwere bwato lamtengo, adziwa kusambira? Likagubuduzika mudzakamutola ndinu?

Mbalame Zanga:
Malume, ndatchula chaka chabe, sindinanyoze munthu.

Anaphiri a ku Ndirande:
Ine ndingokuuzani zimene zinandionekera. Tinapita ku Nsanje kumaliro a apongozi mwezi wa Okutobala. Pofika pa Tengani ndinayamba kuona mdima, thukuta lasiya kutuluka, lilime lauma gwa. Anandigoneka pansi pa mlambe nkumandithira madzi. Kutentha kwa kumeneko kumapyola madigiri 40, si nthabwala. Nditabwerako malungo anandigwetsa, ana kusukulu osapita, bambo awo osadziwa ndi pamene pamakhala mchere. Tengani neti, madzi ambiri ndi mapaketi a Thanzi. Komanso ndikufunseni, amuna anu akuti chani za ulendowu? Simunawatchule.

Mayi a Mapasa:
Ndi zimene ndimafuna kufunsa inenso.

Membala wobisa dzina:
Amuna anga alibe vuto, iwo zokwera miyala amaopa basi. Zikomo nonse. Lenzi ndi yomwe ija ya 18-55. Koma alamu aja atumiza uthenga pompano, akuti tripod inathyoka mwendo kalekale. Ndalira ine.

Chambe Boy:
Asisi, funso langa ndi limodzi. Mnzanu wakana, ndiye chingwe adzakugwirirani ndani? Chingwe ndi harness popanda munthu pansi ndi katundu chabe. Chachiwiri, mwala wa ku Mwabvi si wa ku Mulanje. Wa ku Mulanje ndi wolimba, mukaponda mwaponda. Wa ku Mwabvi ndi mwala wamchenga, umanyenyeka, kachigwiriro kamene mwakadalira kakhoza kutsalira m'manja mwanu, makamaka ukanyowa. Musayembekezere kupezako misomali yokhomeratu. M'ming'alu mumakhala njuchi ndi njoka, ndipo njuchi zikakupezani muli pakati pa thanthwe mulibe kothawira. Mukagwa kumeneko, chipatala chili kutali ndipo msewu ndi wafumbi. Pitani mukajambule miyalayo, ndi yokongoladi, makamaka pamene mtsinje unaboola mwala nkusiya kampata kopapatiza. Kukwera sungirani Mulanje, tidzapitire limodzi ndi gulu.

Malume a pa Bangula:
Apa ndiye mwana wanena zanzeru. Koma ndionjezere. Mayi wapabanja kukalendewera pamwala ngati nyani, pofuna chani? Kumwambako kuli ndalama? Ife timakwera mgwalangwa chifukwa kuli uchema.

Chambe Boy:
Malume, amayi ambiri amakwera kuposa ife amuna. Ine ndakana za mwalawo, osati za umayi wawo.

Gogo Nyakwawa:
Mwanawe, malo ena kuno ali ndi eni ake. Ukafika ku Nsanje usadzangolowa ku Khulubvi, kwa Mbona, kamera ili m'manja. Umayamba wapempha kwa akuluakulu, akakana wakana. Ngakhale kumidzi, munthu akusenza mtolo wake kapena akusamba kumtsinje usamujambule osamupempha. Moni kaye. Akakuthandiza unene kuti takhuta, ndiko kuthokoza kwa kuno.

Dalaivala wa M1:
Potsika phiri lija kuchokera ku Blantyre gwiritsani giya yaikulu mphamvu, musadalire mabuleki, amapsa musanafike pa Thabwa. Pamakhota paja pali malo oima, chigwa chonse chimaoneka, Shire akunyezimira mpaka kuminda ya nzimbe. Chithunzi chabwino chili pamenepo, chaulere. Mukawoloka mlatho wa Kamuzu, njira ya ku Majete imadzera pa boma la Chikwawa. Mafuta thirani okwanira.

Wankhalango Wopuma:
Mayi, kachitatu tsopano. MWEZI UTI?

Membala wobisa dzina:
Pepani bambo, sindinaone. Tchuthi andipatsa pakati pa Januwale.

Wankhalango Wopuma:
Ayi ndiye zonse takambazi zasintha. Januwale ndi pakati pa dzinja. Dothi la ku Lengwe ndi lamakande, likanyowa ngakhale galimoto yamphamvu imatitimira. Komanso boo ndi njati zimabwera padziwe nthawi yachilimwe chifukwa madzi kwina kulibe. Mu Januwale madzi ali ponseponse, udzu watalika, mudzakhala m'kanyumba kaja tsiku lonse osaona kanthu. Ku Mwabvi mitsinje imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kutali kumapiri. Ngati tchuthi sichingasunthe, pitani ku Majete kokha, muwaimbire kaye za misewu, mukwere galimoto yawo yoonetsa nyama, mukaone ndi mathithi a Kapichira. Ngati chingasunthe, pemphani Julayi kapena Ogasiti, kusanatenthe.

Chambe Boy:
Januwale? Chingwe chisiyeni kunyumba asisi, ndapota nanu. Mwala wamchenga wonyowa sakwera.

Malume a pa Bangula:
MWAONA? Ndimanena ine! Anthu a m'tauni sadziwa kuti Januwale kuno ndi mwezi wanji. Madzi a 2015 anabwera Januwale, anthu a ku Makhanga anachita kuwatenga pa ndege ndi maboti. Namondwe Ana anabwera Januwale 2022, anagumula damu la Kapichira, dziko lonse munali mumdima inu nomwe a ku Blantyre, msewu wa M1 unaduka. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatimaliza. Ine nyumba yanga inagwa ndikuona, mbuzi zinapita, tinakagona m'kalasi pamodzi ndi apongozi, chinthu chosayenera n'komwe. Ruo akakumana ndi Shire pa Chiromo atakwiya, simungadziwe kuti mtsinje uli pati, munda uli pati. Ndiye wina akuti kwerani bwato pa Mchacha James!

Mbalame Zanga:
Malume, mmene ndimalemba zija mwezi unali usanatchulidwe. Koma kunena chilungamo, dzinja ndi nthawi yabwino ya mbalame, zochokera kutali zimakhala zafika, ndipo ku Majete komweko angajambule zambiri osakwera bwato. Za dambo adikire madzi aphwe.

Malume a pa Bangula:
Mbalame, mbalame. Mpunga wathu zimadya ndi mbalame zomwezo.

Wojambula Maukwati Nchalo:
Dzinja fumbi kulibe koma chinyezi ndiye mdani, lenzi imamera nkhungu mkati. Musaisunge m'chikwama chonyowa, ikanimo timapaketi tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano. Mitambo ya Januwale pa zithunzi ndi yabwino kwabasi, tchire lili biliwiri.

Mayi a Mapasa:
Nanga ndalama ya mafuta ija mnzanuyo wabweza? Musachite manyazi, ndi thukuta lanu.

Membala wobisa dzina:
Sanabweze mayi. Abwana anga sangasinthe tchuthi, ndikuwadziwa. Ndiye ndingopita ku Majete kokhako? Kugona ndingagone kuti kotchipa? Ndili ndi tenti.

Wankhalango Wopuma:
Pafupi ndi geti pali malo omangapo matenti, funsani mukamawaimbira. Sabata yonyamukayo muzimvetsera zanyengo pa wailesi, akangotchula namondwe musatsike phiri. Ndipo galimoto yanu ndi yotani, yapansi kapena yokwera?