Kosi ya business analysis ndi mayeso a ECBA: ndilipire kapena ndisiye?

Nabanda92:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndatha zaka 4 pa help desk, ntchito yanga ndi yoyankha mafoni a anthu oiwala password. Ndatopa nazo. Ndikufuna kulowa business analysis (ntchito yofufuza zimene kampani ikufunika n'kuzilemba kuti opanga sisitimu azitsatire), kapena UX (kupanga zinthu kuti zikhale zosavuta kugwiritsa ntchito) ngati zingatheke. Ndapeza kosi ya pa intaneti ya milungu 8 yokonzekeretsa mayeso a ECBA, satifiketi ya oyamba kumene ya IIBA, bungwe la akatswiri a business analysis. Ndikaphatikiza ndalama ya kosi ndi ya mayeso, zikudya pafupifupi malipiro anga a miyezi iwiri. Ndilipire?

Wodyeredwa:
Asisi, gwirani chikwama chanu. Ine ndinalipira chaka chatha kwa ena ake a pa intaneti omwewa. Polengeza ankati kuli makalasi a maso ndi maso pa Zoom, kuli mphunzitsi wokuyang'anira, mapeto ake akupezera kokaphunzirira ntchito. Titalowa tinangopatsidwa mavidiyo ojambulidwa kale ndi ma slide okopera m'buku la IIBA lotchedwa BABOK mutu ndi mutu. Mphunzitsiyo tinamuona kawiri, kachiwiriko akuyendetsa galimoto. Chinandiwawa kwambiri ndi pepala. Tinkaganiza kuti tilandira la IIBA, koma linabwera lawo, lokhala ndi kachizindikiro ka kampani yawo. Titafunsa, akuti mayeso enieni mukalembetse nokha ndipo mukalipire nokha. Gulu la WhatsApp analitseka kuti olemba akhale ma admin okha. Mpaka lero lili zii.

Nabanda92:
Pepani achimwene. Ndalama anakubwezerani?

Wodyeredwa:
Anandibwezera "tikuyang'ana nkhani yanu".

BwanaCBAP:
Vuto lanu ndi lothamangira tinthu ting'onoting'ono. ECBA ndi ya oyamba kumene, safunsa n'komwe ngati unagwirapo ntchitoyi. Pepala lolemera ndi CBAP, satifiketi ya IIBA ya anthu odziwa kale ntchitoyi. Kuti akulole kulemba umafunika maola 7,500 a ntchito ya business analysis m'zaka 10 zapitazi, maola 35 a maphunziro, ndi anthu awiri okuchitira umboni. Mayeso ake mafunso 120, maola atatu ndi theka, ndipo ambiri ndi a nkhani zazitali zoti uwerenge kaye. Ine ndinakhoza ulendo woyamba. Chiyambireni ma recruiter sandipatsa mpata pa LinkedIn.

Kamtedza:
Bwana, mtsikanayu ali pa help desk. Maola 7,500 awatenga kuti, awagule?

BwanaCBAP:
Ndikungomuonetsa kumene msewu ukupita.

Kamtedza:
Mukutionetsa kumene inu mwafika kkkk.

Mjomba_Figma:
Zonsezi n'zachiyani? Tengani Google UX Design Certificate pa Coursera. Muli makosi angapo, amati ukamaika maola 10 pa sabata umamaliza m'miyezi 6, ndipo umatuluka ndi ntchito zoonetsa mu portfolio. Ndi madola 39 pa mwezi basi. Figma, pulogalamu yojambulira ma design, ili ndi pulani yaulere. Ukafulumira umalipira miyezi yochepa.

Kamtedza:
Ndi 49, osati 39.

Mjomba_Figma:
Ine ndinalipira 39.

Kamtedza:
Mu 2021 itangoyamba kumene. Zinthu zinakwera ankolo.

Tiyanjane_QA:
Nonse mukukangana pachabe, mtengowo umasiyana malinga ndi dziko limene muli. Komanso kuli financial aid, mumalemba zifukwa zanu n'kudikira yankho. Ine ndinaphunzira makosi atatu osalipira kanthu. Ndinasiyira pa lachinayi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

BwanaCBAP:
UX ndi kukongoletsa mabatani. Wafunsa za business analysis.

Mjomba_Figma:
Apa ndiye mwaonekera bwana. Don Norman anatulutsa mu 1988 buku limene lero limatchedwa The Design of Everyday Things, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi chitseko chimene munthu umakoka pamene chimafuna kukankha. Palibe batani pamenepo. Kulinso muyezo wa ISO 9241-210 wonena za kupanga zinthu poyang'ana munthu wozigwiritsa ntchito. Mukawerenge, si za mitundu ya penti.

MayiWaMaRequirements:
Ndikuyankheni ngati munthu amene ndimakhala nawo pa intaviyu. Pepala ndimaliona, sindinama, makamaka ma CV akachuluka ndipo a HR akusefa. Koma munthu akakhala pampando ndimamupatsa cholembera n'kumuuza kuti andijambulire zimene zimachitika kasitomala akadandaula, kuyambira pamene waimba foni mpaka nkhani itatsekedwa. Ambiri a mapepala amandilakatulira mitu 6 ya BABOK ngati ndakatulo, njira zogwirira ntchito monga MoSCoW ndi BPMN, zonse, koma funso loti "nanga woyankhayo akadwala chimachitika n'chiyani" silimawabwerera.

Ndikuuzeni zimene zinandiphunzitsa ine. Pa kampani ina imene ndinkagwirako tinapanga sisitimu ya kosungira katundu. Zofunika zonse ndinalemba ndi mabwana m'chipinda chozizira bwino, chikalata chachikulu, aliyense anasaina. Sisitimu itatuluka, patapita mwezi tinapeza kuti makalaliki akulemba m'kope masana, madzulo mmodzi n'kumalowetsa zonse m'kompyuta. Nditapita kukaima nawo tsiku limodzi ndinaona chifukwa. Lole ikafika amatsitsa katundu atavala magolovesi, ndiye fomu yathu inkafuna kuti adzaze malo 14 asanalandire katoni imodzi, dalaivala akuwaimbira hutala. Malo ofunikadi panthawiyo anali atatu. Palibe bwana amene akanandiuza zimenezo chifukwa palibe bwana amene anatsitsapo katoni. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Ndiye inu Nabanda, zaka 4 mukumva anthu akudandaula za sisitimu tsiku ndi tsiku. Tengani matikiti a madandaulo a miyezi itatu, muwagawe m'magulu, mupeze vuto limene limabwerezabwereza. Jambulani mmene ntchito ikuyendera pano ndi mmene ingayendere, lembani ma user story angapo (ziganizo zazifupi zonena zimene wogwiritsa ntchito sisitimu akufuna), mupite nazo kwa bwana wanu. Mukabwera nazo pa intaviyu yanga, ndikumverani kuposa wa ECBA wopanda nkhani.

Nabanda92:
Zikomo kwambiri mayi. Koma CV yanga ifika bwanji pa tebulo lanu ngati a HR aisefa?

MayiWaMaRequirements:
Limenelo ndi funso labwino, ndipo yankho lokoma ndilibe. Kwathu ndimawauza kuti andibweretsere onse. Kwina sachita choncho.

BwanaCBAP:
Mwaona? Pepala.

Wodyeredwa:
Langa lija lili m'kabati, amene akulifuna ndimugulitsa.

Tiyanjane_QA:
Ngati ndi ECBA mukufuna, kosiyo isiyeni. Lowani umembala wa IIBA, BABOK mumaiwerenga pa webusaiti yawo. Buku ndi lomwe lija la version 3 la mu 2015. Muziwerenga nokha usiku.

Kamtedza:
Munaliwerengapo bukulo? Ndi mankhwala a tulo. Njira 50 zondandalikidwa, ukafika pa ya 10 maso atseka okha.

Mjomba_Figma:
N'chifukwa chake ndikuti UX. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti ukayesa chinthu ndi anthu 5 umapeza pafupifupi 85 peresenti ya zovuta zake. Anthu 5! Mawa lomwe mukhoza kuyamba ndi anzanu a mu ofesi, osalipira aliyense.

Tiyanjane_QA:
Anthu 5 a gulu limodzi, ankolo. Ngati ogwiritsa ntchito ali a mitundu yosiyana, gulu lililonse limafuna ake. Ndipo anzanu a mu ofesi ya IT si makasitomala.

Mphwanga_Dev:
Nonse mukuvutika. Ma user story amenewa ChatGPT akulemba m'masekondi. Phunzirani zinenero za pakompyuta, SQL ndi Python basi.

MayiWaMaRequirements:
Mumutume ChatGPT akaime kosungira katundu aone magolovesi.

Mphwanga_Dev:
Ine ma requirements a ma business analyst sindiwawerenga n'komwe, ndimangofunsa pa standup, kamsonkhano kathu ka tsiku ndi tsiku.

Kamtedza:
Ndiye inu ndi amene munapanga fomu ya malo 14 ija.

BwanaCBAP:
Musaiwale kuti CBAP imafuna kuikonzanso zaka zitatu zilizonse, ndi ma CDU 60, mapointi osonyeza kuti ukupitiriza kuphunzira. Si ya aliyense.

Wodyeredwa:
Ndiye kuti nanunso akukudyerani, kungoti pang'onopang'ono.

Nabanda92:
Mwandisokoneza kuposa mmene ndinabwerera. A kosi aja anditumizira uthenga kuti kuchotsera mtengo kutha Lachisanu.

Wodyeredwa:
Kwa ife ankatinso Lachisanu. Linali Lachisanu lililonse.

Nabanda92:
Matikiti aja ndayamba kuwatsitsa mu Excel. Za kosi ndiona malipiro akalowa.

Mjomba_Figma:
Financial aid ija lembani lero, yankho limatenga masiku.

Mphwanga_Dev:
SQL.