Kuwala kozungulira kwa Au25 yanga: ndi spin kapena ndi ligand?

Nabanda:
Anzanga a chemistry, ndithandizeni maganizo. Ndapanga Au25, kachigulu (cluster) ka maatomu 25 a golide, yokutidwa ndi glutathione, ma ligand (mamolekyu omata kunja kwa golideyo) 18 monga mwa nthawi zonse. Ndikaiunika ndi laser imatulutsa kuwala kofiira kolowera ku near-infrared, ndipo makina akuonetsa kuti kuwala kozungulira kumanzere kukuposa pang'ono kozungulira kumanja. Maginito sindinaikepo. Mnzanga wa mu labu akuti ndilembe mu lipoti kuti ndapeza kuwala kwa spin-polarized, kochokera ku ma elekitironi omwe spin yawo (kamaginito kakang'ono ka elekitironi iliyonse) yaloza mbali imodzi, koma mtima wanga ukukana. Kodi kuwala kukangozungulira ndiye kuti spin yalowererapo basi?

Phiri wa Spectroscopy:
Achemwali, musalembe kaye. Glutathione ndi molekyu ya chiral, ili ngati dzanja lamanja lomwe silingalowe bwino m'gulovu yakumanzere, ndipo khalidwe limeneli imapatsira cluster yonse. Chimenecho pachokha chikhoza kuzungulitsa kuwala, spin osakhudzidwa n'komwe. Nthawi zina ngakhale ligand isakhale chiral, kayalidwe kake pamwamba pa golide kamakhala kopotoka. Au38 ya ma ligand 24 ndi yotero, ndipo gulu la Thomas Bürgi ku Geneva linalekanitsa yakumanja ndi yakumanzere mu 2012.

Kuti mudziwe zoona pamafunika maginito amphamvu ndi kuziziritsa sampulo ndi helium yamadzi. Maginito amagawa milingo ya mphamvu ya ma elekitironi malinga ndi kumene spin yaloza, ndipo pozizira choncho ambiri amatsikira pa mlingo wapansi, ndiye kuwala kumapendekera mbali imodzi. Kenako mutembenuze maginitowo. Gawo lochokera ku spin limatembenuka nawo, pomwe lochokera ku chirality silisuntha. Gulu la Kenneth Knappenberger ku Penn State limapima Au25 ndi maginito mwa njira yotereyi.

Mbewe79:
Zimene anena a Phiri n'zoona, koma ine ndikufunseni china: Au25 yanuyo ili ndi chaji yanji? Anthu ambiri amalumpha funso limeneli, chikhalirecho nkhani yonse yagona pamenepo.

Werengani nokha. Atomu iliyonse ya golide imapereka elekitironi imodzi ya 6s, ndiye 25. Ligand iliyonse ndi thiolate (imamata pa golide kudzera mu salufa) ndipo imagwira imodzi, mwachotsa 18. Ngati cluster ili ndi chaji ya −1 muwonjezere imodzi, mupeza 8. Asanu ndi atatuwa amadzaza milingo ya 1S ndi 1P ndendende, ngati kuti cluster yonse ndi atomu imodzi yaikulu. Ndiyo superatom imene Hannu Häkkinen wa ku Jyväskylä ndi anzake anafotokoza mu 2008, chaka chomwecho chimene magulu a Royce Murray ndi Rongchao Jin anaona kamangidwe kake m'kristalo: maatomu 13 pakati, 12 otsalawo ali m'timaunyolo 6 ta golide ndi salufa tozinga kunja.

Ikataya elekitironi imodzi amatsala 7, imodzi ilibe inzake, ndipo mu 2009 EPR, njira yopimira ma elekitironi opanda anzawo, inatsimikiza kuti yotereyi ndi paramagnetic, kutanthauza kuti imakokedwa ndi maginito. Chovuta n'chakuti mpweya wokha umatha kuchita zimenezi botolo likakhalitsa losatseka bwino. Muone UV-vis yanu, chithunzi cha mmene sampulo imayamwira kuwala. Nsonga ya pafupi ndi 670 nm imaoneka pa zonse ziwiri, koma kaphewa ka pa 800 nm kakazimiririka, ya pa 400 nm n'kukula, dziwani kuti yasintha.

Musaganize kuti ya ma elekitironi 8 ilibe nkhani ya spin. Golide ndi wolemera, nambala 79, choncho spin-orbit coupling yake (kulumikizana kwa spin ndi kayendedwe ka elekitironi) ndi yamphamvu, ndipo laser ikakweza elekitironi, milingo imene yakwerako imagawikabe m'maginito.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Maginito otero kuno tilibe, ndiye mu lipoti ndingolemba kuti ndi circularly polarized luminescence, kuwala kozungulira chabe. Mawa ndipanga ina ndi phenylethanethiol, yomwe si chiral, ndiipime pa makina omwewo. A Mbewe, kodi ndikaisunga mu toluene pansi pa nayitrojeni, chaji ya −1 ikhalabe mpaka tsiku lopima?