Ndinatchula K6,000 pa intavyu, kodi ndingasinthebe?

MwanaWakuKatete

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Lachiwiri ndinali pa intavyu ku kampani ina yogulitsa zomangira, mbali ya Lumumba Road ku Lusaka. Akufuna munthu wa ku stores, wolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Zonse zinayenda bwino mpaka bambo wina wamagalasi, amene anali chete nthawi yonseyo, anafunsa kuti, "Mukufuna tizikulipirani zingati?" Mutu unaima. Za Excel ndi stock-take ndinakonzekera usiku wonse, koma izi ayi. Pakamwa panangotuluka kuti K6,000. Bamboyo anayang'anana ndi mayi amene anakhala naye pafupi, n'kulemba msangamsanga osafunsanso kanthu. Kulemba msangako ndi kumene kukundisowetsa tulo.

Nditafika kunyumba ku Mtendere ndinatenga pensulo. Lendi K1,800. Mabasi awiri popita, awiri pobwera. Mayunitsi a magetsi a Zesco, makala, ufa, kenaka kangachepe ka amayi kumudzi, poti mwezi ukatha foni yawo siichedwa kulira. Ndinaona kuti ndadzimanga ndekha. Tsopano andiitananso Lolemba. Kodi ndingakanene kuti ndinalakwitsa, kapena adzandiona ngati munthu wosakhazikika?

Banda_Matero

Achimwene, funso loyamba: K6,000 imeneyo munati ndi gross (yonse asanadule kanthu) kapena yolowa m'thumba? Ngati simunanene, iwo analemba gross, musakayike. Tiyeni tiwerenge. NAPSA, bungwe la penshoni, idzatenga 5 peresenti, K300. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, 1 peresenti ya basic (malipiro opanda ma allowance), tinene K60. ZRA, bungwe la misonkho, kuyambira 2024, siidula msonkho pa K5,100 yoyamba, koma yapamwamba pake mpaka K7,100 imadulidwa 20 peresenti, ndiye pa K900 yanuyo pachoka K180. Mutsala ndi K5,460 basi. Chotsanipo lendi ndi mabasi muone.

Kuti K6,000 izifika yathunthu pa akaunti, gross iyenera kuyandikira K6,800. Polowerapo panu ndi pomwepo. Simunaname, simunasinthe mawu, mwangofotokoza bwino zimene munkatanthauza.

Naphiri wa ku Chilenje

Mwana wanga, ine ndakhala mbali inayo ya tebulo zaka zambiri ndithu, ndiye ndikuuzeni zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa. Nthawi zambiri ndalama ya ntchitoyo imakhala italembedwa kale pa pepala limene lili mu fayilo, inu musanalowe n'komwe. Tikafunsa funso lija timafuna kuona ngati mugwera m'kati mwake. Mukaona tikulemba msanga osatsutsa, dziwani kuti mwatchula yochepa. Mukanatchula yambiri mukanamva wina akutsokomola.

Poti akuitananinso, ndiye kuti akukufunani. Musakayambe ndi "pepani ndinalakwitsa". Dikirani iwo ayambitse nkhani ya ndalama, kenaka mwaulemu munene kuti, "Bwana, K6,000 ndinatchula ija ndinkanena yofika m'manja atadula zonse. Kodi kampani inakonza zingati pa ntchito imeneyi?" Mukatero khalani chete. Achinyamata ambiri amaopa bata, amayamba kudzitsitsa okha mtengo ngati wogulitsa tomato wa madzulo ku Soweto Market, wogula asanatsegule n'komwe pakamwa.

China chimene a Banda sananene. Funsani kuti pa ndalamayo basic ndi zingati, za nyumba, za mayendedwe ndi za chakudya chamasana ndi zingati. Ngati ndi kontrakiti ya zaka, lamulo la Employment Code Act la 2019 limati gratuity, ndalama imene mumalandira kontrakiti ikatha, isachepere 25 peresenti ya basic. Pali mabwana ena ochenjera amene amatupitsa ma allowance n'kufinya basic. Pa payslip zimaoneka zokongola, koma kontrakiti ikatha mumalandira kakang'ono. Ndinaona mtsikana wina akulira mu ofesi chifukwa cha zimenezi, zaka ziwiri zathunthu atagwira.

Mdala Tembo

Inu ana a masiku ano mumandidabwitsa. Anthu ali ndi madigiri a ku UNZA akuyenda ndi maenvulopu mu Cairo Road mpaka nsapato kutha, inu mwapeza pogwira mukufuna kukanganirana ndalama? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lowani kaye, akuoneni mmene mumagwirira, za kukweza zidzabwera. Ine ndinayamba ntchito osafunsa n'komwe kuti ndidzalandira zingati.

Naphiri wa ku Chilenje

A Tembo, ndi ulemu wonse, "zidzabwera" ameneyo ndi amene wakalambitsa anthu pa malipiro amodzimodzi. Akakweza amawerengera pa imene munayambira. Mukayambira pansi, chaka ndi chaka mumatsalira. Sindikuti mnyamatayu akamenye tebulo. Kufunsa kamodzi mwaulemu sindinaonepo kukuchotsetsa munthu pa mndandanda. Akakana, apemphe kuti alembe m'kalata yomulembera ntchito kuti probation (nthawi yoyesedwa) ikatha, imene mwa lamulo ndi miyezi itatu pokhapokha ataiwonjezera, adzaonanso malipiro. Zapakamwa ayi, bwana amene analonjezayo mawa akhoza kusamutsidwira ku Kitwe.

MwanaWakuKatete

Zikomo kwambiri nonse. A Tembo ndakumvani, ntchitoyo sinditaya, ngakhale atakana ndidzalowa. Koma ndikayesa monga anenera amayi Naphiri. Ndalemba mawu aja kuseri kwa risiti ya Zesco, ndikuwaloweza m'basi. A Banda, ngati atanena kuti K7,000 gross, m'thumba mulowa zingati?

Banda_Matero

NAPSA K350, msonkho K380, NHIMA siipitirira K70. Mutsala ndi K6,200. Akatchula imeneyo musamwetulire msanga, funsani kaye za basic.