Za zitenje za yunifolomu zija

Anaphiri: Mayi wapampando, chitenje chija ndachapa kamodzi kokha, madzi m'beseni psuu ngati ndaviikamo chidede. Chaononganso bulauzi yanga yoyera.

Wapampando: Munati ndigule zotchipa. Ndagula zotchipa.

Anaphiri: Ayi, musatinamizire. Tinati za mtengo wabwino.

Amake Tadala: Nanga si chimodzimodzi?

Anaphiri: Chotchipa ndi choti wangotulutsa ndalama yochepa basi. Cha mtengo wabwino umati ukachigwira m'manja wekha umavomera kuti apa sindinabetse. Ichi ukachiyang'anitsa padzuwa ukuona munthu mbali inayo.

Mlembi: M'buku ndinalemba kuti "zolimba koma zosaboola m'thumba". Mawu akuti zotchipa mulibe.

Wapampando: Zolimba pa K7,000? Pitani nokha ku Limbe mukaone. Munandipatsa K126,000, anthu 18. Ndanenerera mpaka K5,500 chimodzi, ndiye K99,000. Thiransipoti ndi chakudya K9,000. Yotsala K18,000 ili m'bokosi.

Anabanda: Lachinayi powerenga tinapeza K13,000. Ine ndili ndi kiyi, ndinalipo.

Wapampando: K5,000 ndinabwereka amake Chisomo, mwana anadwala usiku.

Anabanda: Popanda gulu? Ine muja ndinachedwa masiku awiri maliro a apongozi munandidula chindapusa osaphethira.

Amake Chisomo: Chonde dzina langa lisalowe m'zitenje. Mwana anatentha thupi 11 koloko usiku, bambo ake ali ku Joni, wa kabaza anakana kunyamuka ndisanamupatse ndalama, kuchipatala tinafika mankhwala ndi okagula. Ndikanadzutsa anthu 18? Ndibweza ndikagulitsa nandolo, mavenda akungotchula mitengo yachipongwe.

Anaphiri: Za mwana pepani mayi. Koma ine ndikufunsa K9,000. Munapita pa ndege? Ndipo chitenje chomwechi mlamu wanga wachiona pa Lunzu K4,000. Lisiti lili kuti?

Wapampando: Pamsika amapereka lisiti? Chaka chatha mapoto aja munagula inu, awiri anabooka mwezi usanathe, ine ndinakhala chete.

Anaphiri: Aja anali a mtengo wabwino, anawaotcha ndi amene anaphikira thobwa osathira madzi.

Amake Tadala: Komanso amene anatenga mphasa ya gulu abweze, tikukhala pa dothi.

Mlembi: Ndiye pogawana pa 14 Disembala tivala zimenezi kapena aliyense chake? Telala akufuna yankho.

Anabanda: Ine sindisoketsa. Kulipira telala pa nsalu yosuluka, imeneyo ndiye kutaya ndalama kawiri.

Anaphiri: Mayi wapampando, K9,000 ija. Ndikuona kuti uthenga wanga mwauwerenga.