Makala a zitsononkho akundidyera feteleza?

Nambewe, Kasungu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chaka chino ndinawotcha zitsononkho m'dzenje n'kuzizimitsa ndi madzi zisanasanduke phulusa, zija amati biochar. Makalawo ndinasinja n'kuthira m'mapando a mizere ina, ina ndinaisiya. Feteleza wokulitsa ndinathira mofanana munda wonse. Koma pano chimanga cha m'makala ndicho chachita chikasu masamba a m'munsi, pamene chinacho chili biriwiri. Munda wanga ndi wamchenga, ndipo mtengo wa thumba mukuudziwa nokha. Yureya ndithirebe, kapena ndikhala ndikungotaya?

Mlangizi wopuma:
Mayi, thirani, musachedwe. Chikasu choyambira masamba a m'munsi ndi njala ya nayitrojeni. Makala ongochoka pamoto amakhala ndi zotsalira zimene tizilombo ta m'nthaka timadya msanga. Tikamachulukana timafuna nayitrojeni, ndiye timatenga yemweyo amene munaikira chimanga. Sanathawe ayi, ali m'matupi mwawo, ndipo tikamafa amabwerera pang'onopang'ono. Vuto n'lakuti chimanga chofika m'mawondo sichidikira.

Makalawo amagwiranso amoniyamu, womwe ndi mtundu wa nayitrojeni umene mbewu imadya, ndipo pa mchenga ngati wanuwo chimenechi ndiye phindu lake. Yureya akalowa m'nthaka amasanduka amoniyamu, kenako naitireti, amene mvula ya Januwale imamukokolola kupita kunsi kumene mizu sifika. Makala akakhalitsa m'munda mphamvu yawo yogwira amoniyamu imakula, koma naitireti samugwira kwenikweni. Chaka chamawa muwasakanize kaye ndi manyowa onyowa a mbuzi kapena a nkhuku, akhale masabata awiri kapena kuposerapo, alowe m'munda atakhuta kale.

Gama wa ku Domasi:
Ine ndimapsereza mankhusu a mpunga. Chimodzi chokha ndionjezere: yureya musamuwaze pamwamba pomwe pali makala. Makala amachepetsa asidi monga amachitira laimu, makamaka akatuluka ndi phulusa lambiri, ndipo yureya akakhala poyera pamalo otero amauluka ngati mpweya wa amoniya. Mu yureya muli nayitrojeni 46 pa 100 alionse, n'zopweteka kumupereka kwa mphepo. Boolani ndi kamtengo pambali pa phesi, thirani, kwirirani, nthaka ili yonyowa.

Tembo, Chipata:
Alongo, mchenga wanuwo ndiye malo enieni a makalawa. Kuno ku Zambia anayesa makala a zitsononkho m'maenje a ulimi wosatembenuza nthaka, matani 4 pa hekitala, pamodzi ndi feteleza. Ku Kaoma, komwe ndi mchenga wa asidi, chimanga chinachuluka kuposa katatu. M'malo ena a nthaka yabwinoko kusiyana kunali kochepa kapena kunalibiretu. Ndiye a katondo asathamangire. Komanso ndimadandaula ndikamva anthu akuti makala alowa m'malo mwa feteleza. Nayitrojeni wambiri wa m'zitsononkho amapita ndi utsi, wotsalayo mbewu siimupeza msanga.

Nambewe, Kasungu:
Zikomo nonse, mtima wakhala pansi. Mawa ndikabaya yureya uja. Bambo mlangizi, mbuzi ndili nazo zochepa, manyowa sangakwane. Ndingawathire makalawo m'khola momwemo?

Mlangizi wopuma:
Eya, thirani pansi m'kholamo. Amamwa mkodzo, umene uli ndi nayitrojeni wofulumira kuposa wa m'ndowe, ndipo fungo limachepa. Mukamakokola manyowa muwaunjike pamthunzi n'kuphimba kuti mvula isawatsuke.