Mng'ono wanga amamwa ma ARV bwinobwino koma wasiya kucheza ndi anthu

Mkuluwake:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mng'ono wanga anapezeka ndi kachilombo ka HIV chaka chatha. Mankhwala saphonya, ndipo atamuyeza magazi komaliza anati tizilombo sitikuonekanso. Thupi lili bwino ndithu, koma munthu uja wasintha. Amangodzitsekera m'chipinda, anzake akaimba foni sayankha, usiku ndimamumva akulira. Ndikafunsa amangoti "ndatopa." Kuchipatala mzere umakhala wautali, anamwino sapeza mpata womufunsa za mumtima. Ndamva kuti mabungwe omwe si aboma amathandiza pa za maganizo. Kwenikweni amachita chiyani? Sindikufuna kupita naye koti akangomuuza kuti "limba mtima" basi.

Ndidakalipo:
Achemwali, zomwe mukunenazi ndinadutsamo, ndipo pano ndatha zaka 9 ndikumwa mankhwala. Chimene chinandidzutsa ndi gulu lothandizana lomwe bungwe lina limayendetsa pafupi ndi chipatala chathu. Miyezi iwiri yoyamba sindinayankhulepo, ndinkangokhala kumapeto kwa benchi n'kumamvetsera. Tsiku lina mayi wina anafotokoza mmene anaululira kwa mwamuna wake, mawu enieni amene ananena, ndi mmene anabereka ana awiri opanda kachilombo. Ndinalira mpaka kunyumba, koma usiku umenewo ndinagona tulo.

Kumeneko ndi komwe ndinamva koyamba kuti munthu amene tizilombo take sitikuoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Ineyo ndinkadziona ngati poizoni woyenda, ndiye mfundo imeneyi inanditula katundu wolemera.

Funsaninso mtundu wa mankhwala ake. Ine efavirenz ankandilotetsa maloto oopsa, ndipo anatha atandisinthira ku dolutegravir, ngakhale ameneyunso ena amawasowetsa tulo. Asasiye yekha, akafotokozere adokotala.

Phungu_wodzipereka:
Ndimagwira ntchito yauphungu mongodzipereka. Sitiyamba ndi malangizo. Timayamba ndi mafunso 9 a fomu yotchedwa PHQ-9, okhudza tulo, kudya, kutopa ndi kudziona wachabechabe m'masabata awiri apitawa. Kenako munthu amatchula yekha mavuto ake, n'kusankhapo limodzi loti tiyambe nalo, ndipo njira yake amaipeza yekha ife tikumuthandiza kuganiza. Njira yosankha vuto limodziyi ndi imene amatsatira a Friendship Bench, omwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare: agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi munthu maulendo pafupifupi 6. Ngati mng'ono wanu ndi wachinyamata, funsani za achinyamata anzake omwenso ali ndi kachilombo amene amaphunzitsidwa kuyendera anzawo, monga amachitira a Zvandiri ku Zimbabwe. Mwana amamasuka msanga kwa wa msinkhu wake.

Koma mawu oti "ndatopa" aja andidetsa nkhawa. Mufunseni mosabisa, modekha, ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, musadikire tsiku la gulu, pitani naye kuchipatala lero lomwe ndipo musamusiye yekha.

Bambo_wa_atatu:
Magulu ndi abwino, koma musanamulembetse funsani kuti chinsinsi amachisunga bwanji. Gulu lathu linkakumana pamalo oonekera, aliyense wodutsa ankadziwa chimene tasonkhanira, ndipo anthu atatu anasiya kubwera. Pulojekiti itatha, phungu wathu anachoka osatsanzika. Zinandipweteka kwambiri. Tinapitiriza tokha anthu 7, mpaka pano.

Mkuluwake:
Zikomo nonse. Dzulo madzulo ndinamufunsa funso lija, mtima ukugunda. Anati maganizowo amabwera nthawi zina, makamaka usiku, ndipo anali asanauzepo munthu. Ndinagona m'chipinda chake, ndipo m'mawa uno tinapita limodzi kuchipatala. Adokotala acheza naye nthawi yaitali, amupatsa tsiku lobwereranso, n'kutilumikiza ndi phungu wa bungwe lina woti tikakumane naye Lachinayi. Za gulu akuti sanakonzeke. Wandipempha kuti tsikulo ndikamudikire panja, ndisakalowe.