Payiloti amaneneranji levo yomwe ali pomwe kontrola akuiona kale pa sikirini?

Nyadani88:
Anzanga ndithandizeni. Masiku ano ndayamba kachizolowezi komvera ndege pa LiveATC (tsamba la pa intaneti lomverapo mapayiloti akulankhulana ndi makontrola, omwe amaongolera ndege ali pansi) usiku bandulo ikatsalako, ndiye pali chinthu chikundizunguza mutu. Payiloti akangomupereka kwa kontrola wina, mawu oyamba ndi dzina la ndege kenako "passing flight level one two zero, climbing two four zero", kutanthauza kuti akudutsa levo ya mafiti 12,000 mmwamba, akukwera kupita pa 24,000. Aliyense, osaphonya. Koma kontrolayo si ali ndi radar patsogolo pake yomwe ikuonetsa nambala yomweyo? Ndiye akumuuziranji zomwe akuziona kale, kapena ndi moni wawo kkkk

Kalulu_wa_Lumbadzi:
Si moni ayi achimwene. Nambala ya pa sikirini ija radar siyeza yokha, imachokera mundege momwemo, muli kachipangizo kotchedwa transponder kamene kamaitumiza pansi, ndipo kachipangizo kakhoza kunama ngati mita ya madzi. Ndiye kontrola akamalandira ndege koyamba amafananiza zomwe wamva ndi khutu ndi zomwe akuona ndi maso. Ku America zikasiyana ndi mafiti 300 kapena kuposa, nambala ya pa sikiriniyo saidaliranso posiyanitsa ndege, amayamba wamuuza payiloti kuti aonenso altimeter yake (kachipangizo komuonetsa kuti ali mmwamba bwanji), zikakanikabe amamuuza kuti asiye kutumiza nambalayo. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, amathina kwambiri pakati pa FL290 ndi FL410 (mafiti 29,000 ndi 41,000 mmwamba), kumeneko malire ndi mafiti 200 chifukwa ndege zimapitana pamwamba ndi pansi motalikirana mafiti 1,000 okha, ndiye tangoganizani winayo akalakwitsa ndi 300 mpata watsala wochepa bwanji.

China chomwe anthu amaiwala, transponder nthawi zonse imawerengera pa muyezo umodzi wa kupanikizika kwa mpweya, 1013 hPa basi, siisamala zomwe payiloti wapotokola pa altimeter. Ndiye akaiwala kuika QNH (nambala ya kupanikizika kwa mpweya wa pamalopo) potsika, tinene kuti yasiyana ndi 1013 ija ndi 10 hPa, ndiye kuti wasokonekera ndi mafiti pafupifupi 280 iye osadziwa, amagwidwa pompaja akatchula nambala yake ndi pakamwa.

Nyadani88:
Eeeh ndamva tsopano. Nanga nambala yachiwiri ija ya "climbing two four zero" ndi yachani, imeneyo si anapatsidwa kale ndi kontrola woyamba uja?

Kalulu_wa_Lumbadzi:
Anapatsidwa inde, koma anamva bwino? Mwina winayo anati 220 iye nkumva 240, wayilesi imakhala ndi phokoso komanso aliyense ali ndi Chingerezi chakwawo. Kontrola watsopano ali ndi nambala yomwe mnzake wamuuza, payiloti akatchula yosiyana amamuimitsa asanafike komwe kuli ndege ina.

Mai_a_Tadala:
Ine ndingowonjezera kuti pakamwa napo pamanama a Kalulu, musangopanikiza makina okha. Werengani za ngozi ya ku Charkhi Dadri pafupi ndi Delhi, pa 12 November 1996. Ndege ya Kazakhstan Airlines inauzidwa kutsika nkukhala pa mafiti 15,000, ya Saudia inali kukwera kupita pa 14,000. A Kazakhstan ananena pa wayilesi kuti ali pa 15,000 koma ndege inapitiriza kutsika, ndipo radar ya Delhi nthawi imeneyo sinkaonetsa kuti ndege ili mmwamba bwanji, kontrola ankangodalira mawu. Zinawombana, anthu 349 anafa onse. Nkhani imeneyi ndikaikumbuka thupi limachita tsembwe. Kontrola akanakhala ndi nambala pa sikirini akanaona kuti akuuzidwa zabodza.

Chule_Pa_Ndege:
Komanso musaiwale kuti kuno ku Africa kuli madera akuluakulu komwe radar kulibiretu, kontrola amangokhala ndi timapepala ndi wotchi, zomwe payiloti wanena ndi zomwezo. Nchifukwa chake IATA, bungwe la makampani a ndege, inakhazikitsa zoti mapayiloti aziuzana okhaokha pa wayilesi pa 126.9 MHz, kutchula levo ndi malo omwe ali. Ngozi ya mu 1997 kunyanja kufupi ndi Namibia ija, C-141 ya asilikali a America ndi Tupolev ya asilikali a Germany zinakumana pa FL350, ya Germany inali pa levo yosayenera mbali yomwe inkalowera, anthu 33 anapita.

Nyadani88:
Zikomo akuluakulu. Usiku uno ndimvetsera ngati ndingamugwire wina akuuzidwa "verify altitude", bola magetsi asathime.